MLANDU SUOLA: ZA MABALA A ASILIKARI ATHU NDI MABUKU A BOMA

Mau amene Mlembi wa Bungwe ananena pa msonkhano wa pa Chisi, olembedwa pano kuti Mafumu ndi ziwalo amene analephera kuoloka nyanja awawerenge.

Ine ndiri mwana, ndipo nchito yanga ndi yosunga mabuku ndi kulemba zimene akuru anena. Ena mwa inu mwalawira m'mamawa ku Kachulu ndi kuoloka pa bwato mphepo iri kuomba, cotero sindidzakusungani kufikira dzuwa litapendeka. Koma nkhani imene munandituma kuti ndiifufuze ndi yolemera, ndipo ndipempha kuti mundichere khutu moleza mtima, pakuti mbali zina za nkhaniyi sizidzakukondweretsani.

Funso limene munandipatsa ndi ili: kodi munthu amene analasidwa pa nkhondo ya Angerezi, koma bala lace silinalembedwe m'buku, kapena dzina lace linalembedwa molakwa, kapena mendulo yace sinamfike, mlandu wace ungathe kumvekanso tsopano, mwini wace atagona kale kumanda? Ndiyankha kuti inde ungathe, pakuti makolo anati mlandu suola. Koma sumveka cifukwa ca kudandaula kwathu ai. Umveka pokhapo pamene pali dzina, nambala ndi mboni. Ndipo zinthu zitatu zimenezi ziri kutha pakati pathu caka ndi caka, ife tiri cipenyere.

Ndiyambe ndi ca m'nyumba mwathu, kuti mungaganize kuti ndiri kuloza ena cala. Agogo anga, atate ao a mai anga, anamenya nkhondo ku Burma, ndipo anabwerako ndi dzenje pa nchafu ya kumanzere, lakuti ife ana tinali kupisamo cala iwo ali kusoka ukonde pa doko. M'mwezi wa June, mwera ukaomba pa nyanja, mwendo umenewo unali kuwawa kotero kuti sanali kupalasa bwato. Mendulo zao ndi cikalata cotulukira usilikari anazisunga m'kacitini ka tiyi. Pamene ndinaphunzira Cingerezi anandiitana kuti ndiwawerengere cikalataco, ndipo ndinapeza kuti munalibe mau ndi amodzi omwe onena za bala. Kuonjezera apo, kalaliki wina wa pa kampu, amene dzina lace silidziwika, analemba dzina la atate ao m'malo mwa dzina lao, nalipotozanso kalembedwe kace. Agogo anaseka nati, "Ngati pepala likuti ndinabwera wamphumphu, nanga mwendo uwu ngwa yani?" Ndinaseka nao pamodzi, ndipo ndinabweza pepala m'kacitini. Iwo anamwalira, patapita zaka denga linadontha, cinyezi cinalowa, ndipo cimene cinyezi cinasiya ciswe cinatsiriza. Ine mlembi, amene ndalembera anthu ena makalata mazanamazana, sindinalembe nambala ya agogo anga ngakhale pa cikuto ca buku. Kulakwa kumeneko ndi kwanga, si kwa Mzungu ai.

Agogo anga sanali okha. Dziko lino la Zomba linali nkhokwe ya asilikari a Mfumu ya ku Mangalande kuyambira kale. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu analicha Keyala, linakhazikitsidwa pa 1 January 1902, ndipo magulu ace loyamba ndi laciwiri anali a anthu a dziko lino. Kampu ya ku Zomba ichedwa dzina la Cobbe, Mzungu amene analandira mendulo yoposa zonse ya Victoria Cross cifukwa ca nkhondo ya ku Erego, m'dziko la Asomali, mu October 1902. Dzina lace alidziwa ngakhale mwana wa sukulu. Koma mu April 1903, pa malo ochedwa Gumburu m'dziko lomwelo, anyamata a gulu laciwiri anaphedwa ambiri tsiku limodzi. Ndipo ndifunsa, ndani mwa ife angachule dzina la mmodzi wa iwo?

Pambuyo pace inadza nkhondo ya Ajeremani ya 1914 kufikira 1918, imene akuru anaicha ya Ciwaya. Itangoyamba anamenyana ku Karonga pa 9 September 1914, ndipo mu November caka comweco John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times, kufunsa cimene munthu wakuda adzapindula m'nkhondo imene si yace, popeza adzangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Olemba mbiri awerenga kuti dziko lino linapereka asilikari pafupifupi 19,000, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, amene anasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu, nafa ndi njala, kamwazi ndi cibayo m'njira za kumpoto, kufikira mkuru wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, kumene tsopano ati Mbala, pa 25 November 1918. Pa nkhondo yaciwiri anyamata athu anakumana ndi Ataliyana ku Moyale mu July 1940 ndi ku Tug Argan mu August 1940, anaoloka nyanja yamcere kunka ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 analowa m'cigwa ca Kabaw ku Burma nthawi ya dzinja, m'matope ndi malungo, kupirikitsa Ajapani kufikira ku mtsinje wa Chindwin.

Tsopano ndifike pa cinthu cimene ambiri a ife sitinacimvetse, ndipo ine ndemwe ndinacimvetsa posacedwa. Angerezi analibe mendulo ya mabala. Mendulo zimene muli nazo m'nyumba, monga Burma Star, Africa Star ndi War Medal, zinena kuti munthu anapezeka ku dziko lakuti pa nthawi yakuti. Sizinena kuti anakhetsa mwazi. Mendulo ya kulimba mtima inalipo, monga Distinguished Conduct Medal, koma imeneyo inali kudza pokhapo mkuru wa gulu atalemba kalata yocitira munthu umboni. Ca mabala, lamulo la gulu lao la nkhondo limene linatuluka mu July 1916 linati wolasidwa asokerere kansalu kopyapyala ka maonekedwe a golidi pa mkono wa kumanzere wa malaya. Lamulo limenelo analibwezanso mu 1944 nalithetsa mu 1946. Taonani zinthu ziwiri pamenepa. Coyamba, kansaluko kanali ka iye yekha amene dzina lace linalowa m'ndandanda wa olasidwa. Amene anamangidwa bala m'chire ndi mnzace, napitirira ulendo, kalaliki wosamuona, m'maso mwa Boma sanalasidwe. Caciwiri, kansaluko kanali pa malaya a usilikari, ndipo pamene munthu anabvula malayawo nabwerera kumudzi, cizindikiro ca bala cinatsala komweko. Anabwera naco ndi cipsera cokha, ndipo cipsera cinka ndi mwini wace kumanda.

Mwina wina adzafunsa kuti, nanga mbiri imene timamva pa wailesi, yakuti okalamba alandira mendulo za mabala ao patapita zaka 50 kapena 60, icokera kuti? Icokera ku America, ndipo ndifuna kukhalapo pang'ono, pakuti pali phunziro. Kumeneko ali ndi mendulo yochedwa Purple Heart, imene inakhazikitsidwa pa 22 February 1932, ndipo ipatsidwa kwa msilikari amene anabvulazidwa ndi mdani kapena kuphedwa. Koma naonso lamulo lao lifuna kuti balalo likhale loti dotolo analiona ndi kulilemba. Popeza pa nkhondo dotolo sakhala pali ponse, ambiri anatuluka usilikari mabala ao osalembedwa. Cifukwa cace mu 1946 nyumba yao ya malamulo inalola kuti pakhale mabwalo okonza zolakwa za m'mabuku a asilikari. Munthu ayenera kudandaula zisanathe zaka 3 cidziwire kulakwako, koma bwalo liri ndi mphamvu yomvera mlandu wocedwa ngati cilungamo cifuna kutero. Ndipo ndi pa khomo limenelo pamene okalamba ndi ana ao alowera kufikira lero, atanyamula makalata akale, zithunzi za dotolo zoonetsa citsulo ciri m'thupi, ndi umboni wolumbira wa anzao amene anali nao tsiku lomwelo.

Ndikuuzeni za munthu mmodzi wakuda wa kumeneko, dzina lace Henry Johnson, amene asanalowe usilikari anali wonyamula akatundu pa siteshoni ya sitima ku Albany. Tinganene kuti anali mtengatenga mnzathu. Usiku wina wa mu May 1918, ali pa ulonda m'dziko la France pamodzi ndi mnzace Needham Roberts, anawagwera Ajeremani ambiri. Iye anamenyana nao ndi mfuti, ndi tsinde la mfuti, ndipo potsiriza ndi cikwanje, napulumutsa mnzaceyo, koma analandira mabala 21. Afalansa anampatsa mendulo yao ya Croix de Guerre. Dziko lace silinampatse mendulo iri yonse, ndipo anamwalira wosauka mu 1929. Purple Heart inatuluka mu 1996, zitapita zaka 78 cilasidwire. Ndipo mendulo yao yoposa zonse, Medal of Honor, anaipereka Pulezidenti Obama pa 2 June 2015. Cinasintha nciani? Mabala anali omwewo, ndi kulimba mtima kunali komweko. Koma panali anthu amene sanatope kulemba makalata, ndipo alembi a phungu wina, Chuck Schumer, pofufuza anapeza kalata ya mkuru wa nkhondo Pershing ya mu May 1918 yosimba za usiku umenewo, ndi mau a Needham Roberts mwini wace. Pepala limodzi linagona zaka zoposa 90 kudikira munthu wolifuna.

Koma si mapepala onse amene adikira cotero, pakuti mdani wa pepala ndi moto. Ku America komweko, pa 12 July 1973, nyumba yosungiramo mabuku a asilikari ku St. Louis inapsa, ndipo panaonongeka mbiri za anthu pakati pa 16 ndi 18 miliyoni. Ku London, mu September 1940, bomba la Ajeremani linagwera nyumba ya mapepala a asilikari a nkhondo yoyamba, ndipo oposa theka anasanduka phulusa. Ndipo kwathu kuno, mu 1919, nkhondo ya Ciwaya itangotha kumene, ofesi yaikuru ya Boma ku Zomba inapsa pamodzi ndi makalata a zaka zonse za m'mbuyo. Nyumba yosungira mbiri ya dziko imene iri ku Zomba inayamba mu 1947. Cotero mukamva kalaliki ali kuti, "Dzina ili sitiri kulipeza," musafulumire kuganiza kuti ali kubisa. Kawirikawiri anena zoona. Koma musabvomerenso kuti popeza dzina mulibe m'buku, ndiye kuti munthuyo sanapite ku nkhondo.

Pakuti pali maina amene moto unadya, ndipo pali ena amene sanalembedwe dala. Ici sindiri kucinena ndi mkwiyo wanga, anacibvomera eni ace. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene lisamala manda a asilikari a maiko onse amene anali pansi pa Angerezi, linalonjeza paciyambi kuti wakufa ali yense adzakumbukiridwa ndi dzina lace, wosayang'ana mtundu kapena udindo. Mu April 2021 linatulutsa lipoti lonena kuti lonjezo limenelo silinasungidwe pa nkhondo yoyamba: anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000, makamaka Amwenye ndi anthu a mu Africa, anakumbukiridwa mosiyana ndi Azungu, ndipo ena 116,000, kapena kufikira 350,000, makamaka a kuno kum'mawa kwa Africa ndi a ku Egypt, sanalembedwe maina pena pali ponse. Ku Dar es Salaam, ku Mombasa ndi ku Nairobi anaimika mafano a msilikari wakuda opanda dzina ndi limodzi lomwe. Nduna yoona za nkhondo, Ben Wallace, inaima m'nyumba ya malamulo ku London pa 22 April 2021 ndi kupepesa. Ife a ku Zomba tiri ndi mwai pang'ono, pakuti pa nsanja ya njerwa zofiira imene iri pafupi ndi kampu analembapo maina a asilikari a Keyala amene anafa. Koma nsanjayo inamangidwira asilikari, ndipo mtengatenga amene anagwa ndi katundu wace pa njira ya ku Songea, kwao anangomva kuti sanabwere.

Kupepesa kumeneko sikunathere pa mau okha. Mu January 2025, mu mzinda wa Cape Town, anatsegula cikumbutso ca anthu akuda oposa 1,700 a ku South Africa amene anafa pa nchito ya nkhondo yoyamba, munthu ali yense ndi mzati wace wa mtengo wolembedwapo dzina lace. Anthu amenewo anaiwalika zaka zoposa 100. Anawakumbukira cifukwa maina ao anapezeka m'mabuku akale. Amene maina ao sanapezeke alibe mzati.

Ndidziwa kuti pali funso lina limene liri m'mitima ya ambiri ngakhale simunalichule, ndilo la ndalama, ndipo sindidzalizemba. Mu February 2019 mtolankhani wina, Jack Losh, anaulutsa cikalata ca Boma ca mu 1945 coonetsa mphotho imene asilikari a kum'mawa kwa Africa analandira potuluka usilikari: msilikari wamba wacizungu masheleni 10 pa mwezi uli wonse umene anatumikira, ndipo wakuda wa udindo womwewo masheleni 3 ndi theka. Cipolopolo ca Mjapani sicinafunse khungu, koma wolipira anafunsa. Aphungu ena ku London anapempha kuti nkhaniyo ifufuzidwe ndi kuti okalamba abwezeredwe, koma Boma lao linayankha caka comweco kuti liribe ganizo lofufuzanso. Cithandizo cimene cinalonjezedwa kale cinali ca mtundu wina: mu November 2018 analonjeza mapaundi 11.8 miliyoni kudzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League, kuti asilikari okalamba ndi akazi ao amasiye oposa 7,000 m'maiko ambiri apeze cakudya kawiri pa tsiku. Imeneyo inali mphatso ya cifundo, si kubweza ngongole ai. Cotero ine sindingakulonjezeni kobiri ndi limodzi lomwe, ndipo munthu ali yense amene adzafika pa doko lino ndi cikwama, nanena kuti mumpatse ndalama kuti akulembetseni maina a cipukutamisozi ca ku Mangalande, mumtengere kwa Mfumu. Ndinena molimba cotero cifukwa umphawi umacititsa munthu kukhulupirira msanga.

Nanga ngati si ndalama, tibvutikiranji? Inu Mafumu mudziwa kuposa ine kuti pa bwalo lanu munthu amayenda mtunda wautali kudzatsutsa bodza limene lanenedwa pa dzina la atate wace, ngakhale palibe mbuzi imene adzalandira. Buku limene likuti agogo anga anabwera amphumphu linena bodza, ndipo buku limene liribe dzina la mtengatenga wa m'mudzi mwanu linena bodza loposa. Ana athu aphunzira ku sukulu za nkhondo ziwirizi monga nkhani za Azungu okhaokha, osadziwa kuti nkhalamba imene inali kutsimphina pa msika wa nsomba inaona Chindwin ndi maso.

Cimene ndipempha Bungwe ndi cakuti tisayambe ndi kulembera ku London. Tiyambe ndi buku lathulathu, pano pa Chisi ndi m'midzi ya kumtunda ya kwa Mwambo. M'bukumo munthu ali yense amene anapita ku nkhondo, msilikari kapena mtengatenga, akhale ndi tsamba lace. Tilembe maina ace onse, ndipo ndibwereza, onse: la ubwana, la ku cinamwali, la atate wace, ndi limene anali kumuitana nalo pa kampu, pakuti ambiri analembetsa ndi maina ena, ena pothawa msonkho, ena pothawa makolo amene anawaletsa, ndipo kalaliki analemba monga khutu lace linamvera. Kuno kwathu bvuto limeneli likula koposa, cifukwa abale athu ambiri Alomwe anacokera tsidya lija la nyanja, m'dziko limene linali la Apwitikizi, ndipo polembetsa anachula mudzi ndi Mfumu ya kuno. Cotero tilembe mudzi umene anabadwira ndi mudzi umene anachula, ndi Mfumu imene inali pa mpando masiku amenewo.

Coposa zonse ndi nambala. Ku maofesi a nkhondo dzina ndi kanthu kocepa, pakuti a Juma ndi a Saidi analipo mazana. Nambala ndiyo munthu. Amene muli ndi mendulo za nkhondo yoyamba, muziyang'ane m'mphepete mozungulira, kapena kumbuyo kwace ngati ndi ya nyenyezi: mudzapeza nambala, udindo, dzina ndi gulu zitadindidwa m'citsulo momwemo, ndipo ciswe sicidya citsulo. Mendulo za Angerezi za nkhondo yaciwiri zinaperekedwa zopanda maina, cotero pamenepo tidalira buku la malipiro, cikalata cotulukira, kapena cizindikiro cobvala m'khosi. Nambala za anthu a dziko lino kawirikawiri ziyamba ndi malemba DN. Ndiponso okalamba ambiri anali kuichula nambala yao pamtima m'Cingerezi kufikira imfa, makamaka atalawa kamowa, ndipo kapena alipo mdzukulu amene anaigwira monga nyimbo. Mumfunse. Nambala ikapezeka tingathe kufunsa nayo ku nyumba ya mbiri ku Zomba, kwa akuru a asilikari a dziko lino amene analowa m'malo mwa Keyala mu 1964, ku bungwe la asilikari akale la VELOM, ndi ku Kew ku Mangalande kumene asunga ndandanda wa mendulo. Maina a akufa a Commonwealth War Graves Commission ali pa intaneti, ndipo mwana ali yense wa foni angawafufuze kwaulere. A ku Burma amene manda ao sadziwika alembedwa pa cikumbutso ca ku Taukkyan pafupi ndi Rangoon. Bungwe limenelo lilandira maina a iwo amene anafa pakati pa 4 August 1914 ndi 31 August 1921, kapena pakati pa 3 September 1939 ndi 31 December 1947. Ndipo munthu amene anafera kumudzi m'zaka zimenezo cifukwa ca bala kapena nthenda ya ku nkhondo angathe kuwerengedwa, umboni ukakhalapo.

Za bala lenilenilo, mboni tiri nazo zimene sitiziganizira. Alipo amai amasiye amene anathowa mwendo umenewo ndi madzi ofunda zaka 40. Alipo adzukulu amene anasambitsa mtembo, naona cipsera ndi maso ao, nadziwa ngati cinali kudzanja lamanja kapena lamanzere. Alipo amene anamperekeza ku cipatala pamene dotolo anati muli citsulo m'thupi. Mau a anthu otere si nthano ai. Mzungu wina wa ku America, Melvin Page, pamodzi ndi ophunzira a ku Chancellor College, anayenda m'midzi ya dziko lino m'zaka zoyamba za m'ma 1970 kufunsa nkhalamba za nkhondo ya Ciwaya, ndipo mau ao anatuluka m'buku lochedwa The Chiwaya War mu 2000. Nkhalamba zonsezo zinapita, koma mau ao awerengedwa m'masukulu akuru a maiko akutali, cifukwa wina anakhala pansi ndi kulemba. Ife tacedwa kuposa iye ndi zaka 50. Mnyamata amene analowa usilikari mu 1944 ali ndi zaka 18 anabadwa mu 1926. Werengani nokha kuti otsala angakhale angati. Nyanja yathu inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, kotero kuti anthu anayenda pansi pamene timapalasa bwato, koma inadzalanso ndipo matemba anabwerera. Nkhalamba ikapita ndi nambala yace m'mutu sibwerera.

Pano ndipempha cinthu cobvuta, ndipo ndicipempha kwa inu Mafumu makamaka, pakuti tsamba liri lonse lidzafuna cidindo canu. M'bukumo musalowe bodza, ngakhale bodza la cikondi. Tonse tifuna kuti agogo athu akhale ngwazi, ndipo nkhani ikasimbidwa pa moto zaka zambiri, Mjapani mmodzi amasanduka khumi. Amene anabvulala pogwa m'galimoto ya nkhondo tilembe kuti anagwa m'galimoto; amene anabwera ndi cifuwa tilembe cifuwa; amene anali wophika tilembe wophika, pakuti gulu lopanda wophika silimenya nkhondo. Ndipo mboni inene padera cimene inaona ndi maso, ndi padera cimene inangomva. Ine monga kalaliki ndidziwa mtima wa akalaliki anzanga: akapeza tsamba limodzi lonama, amakondwa, pakuti apeza cifukwa cotsekera buku lonse ndi kupita kukadya nsima.

Ndipemphanso kuti mendulo ndi mapepala asacoke m'manja mwa eni ace. Tidzajambula ndi foni, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete, ndipo mwini adzabwerera nazo kwao tsiku lomwelo. Musagulitse mendulo kwa oyendayenda, ngakhale njala itabvuta, pakuti ikacoka m'mudzi nambala yacoka nayo. Ndipo popeza taona cimene moto ndi madzi zicita, buku lilembedwe patatu: lina likhale kwa Mfumu Mkumbira, lina m'bokosi la Bungwe, ndi lacitatu tikalipereke ku nyumba ya mbiri ku Zomba. Amene munataya katundu ndi mvula ya Freddy mu March 2023 simufuna kuti ndikufotokozereni cifukwa cace.

Tikadzaza masamba okwanira, pamenepo tidzalemba kalata imodzi m'dzina la Mafumu ndi Bungwe, yosatukwana ndi yosapemphetsa, yonena kuti anthu awa anapita, awa analasidwa, awa sanabwere, umboni wace ndi uwu, ndipo tipempha kuti mabuku anu akonzedwe. Kapena adzayankha msanga, kapena adzacedwa monga anacedwera ndi Henry Johnson. Ndikhumba kuti pofika Lamulungu la cikumbutso mu November, pamene akuru aika nkhata za maluwa pa nsanja ya ku Zomba, ife tidzasonkhane pano ndi kuwerenga mokweza maina amene tidzakhala titapeza.

Buku loyamba ndagula kale, ndipo mtengo wace ndidzauonetsa kwa Msungicuma. Pa tsamba loyamba ndalemba agogo anga, maina ao onse awiri, ndi bala la pa nchafu ya kumanzere, ndipo mai anga aikapo cala cao monga mboni. Malo a nambala ndasiya opanda kanthu. Kuyambira Loweruka likudzali ndidzakhala pa bwalo la Mfumu kucokera m'mawa kufikira masana, ndipo ndidzayamba ndi amai amasiye okalamba. Amene sangathe kuyenda, a Nyakwawa anditumizire mau ndipo ndidzapita ndine. Ngati alipo pano wina amene atate ace kapena agogo ace anali ku Burma mu 1944, ndipo pepala lao likalipo, ndipempha andipeze pa doko tisanakwere bwato, pakuti anthu a mudzi umodzi amene analembetsa tsiku limodzi nambala zao zimatsatana.